Timitengo ta M'sokosi

Anzawo pochoka ku Joni ankabwera ndi njinga zamoto,
malata, wailesi zolemera kunyamula awiri.
Bambo anga, Che Makwinja, anatsika basi pa Namwera
ndi timitengo khumi ndi tiwiri tokulunga m'sokosi yonyowa,
chifuwa chikulira ngati chitseko chosowa mafuta:
zaka zisanu ndi zinayi akupopera mankhwala
m'minda ya mphesa ya eni ake, mphuno ili pamtunda.
Mayi anayang'ana sokosi, anayang'ana bambo,
nati, nkhuni tili nazo kale.

Lamulo anaika limodzi:
muno simulowa mankhwala a m'sitolo.

Nthaka inali itatopa ndi fodya, gwa ngati bwalo la mpira.
Tinaifunditsa mapesi ndi makoko a mtedza,
nandolo ndi kalongonda pakati pa mizere.
Chaka choyamba chiswe chinadya isanu.
Chachiwiri mbuzi za Che Bwanali zinadya itatu,
mlandu n'kutha chonchi: mbuzi zilipira ndi ndowe zake,
matumba awiri pamwezi. Zikulipirabe.
Inayi yotsalayo ndiyo inabala yonse mukuionayi.
Tsiku limene mng'ono wanga Sigele anatukula nyongolotsi ndi khasu
bambo anaivulira chipewa.

Julaye, mphepo yoluma makutu, ndiye wodulira.
Werenga maso awiri, udule pamwamba pa lachiwiri,
usamve chisoni, mpesa wosadulidwa umabala masamba.
Ine ndinkamva chisoni ndithu.
Pachilonda pamatuluka dontho, n'kukhala pomwepo osagwa.

Nkhono tinazisiyira abakha.
Nsabwe, madzi a nimu ndi tsabola wakambuzi.
Apumbwa okha anatikanika,
ndiye mzere wakumapeto ndi wawo, timawerenga ngati msonkho.

Novembala timagona khutu lili kudenga,
mvula ikatsogola, tsango lonse ndi nguwi.
Timathyola kusanache, timafinya ndi manja m'beseni
mpaka zikhadabo kuda ngati tasenda mbatata ya kholowa lofiira.
Yisiti sitigula. Kafumbi koyera kali pakhungu la mphesa kaja,
bambo ankati, kamadziwa kokha ntchito.
Chigubu chabuluu, kapaipi, botolo la madzi,
ndipo usiku wonse: thu... thu thu... thu.
Iwo ankakhala tsonga mumdima kuwerenga thovu
poti chifuwa tulo chinali chitawalanda kale.

Chaka china zonse zinasanduka viniga.
Bambo anakhala masiku atatu osayankhula.
Mayi anakweza zigubu pa matola mpaka ku boma,
n'kugulitsa kwa anyamata okazinga tchipisi pafupi ndi mlatho.
Ndalama ya yunifolomu yanga inachokera m'kulephera kumeneko.

Che Bwanali vinyo salawa, ngakhale fungo amalizemba.
Amabwera pochokera kumzikiti, kuima kunja kwa mpanda:
za m'chigubuzo mukakambirana ndi Mulungu wanu,
ine ndipatseni matsango atatu a zidzukulu.
Amalipira. Amadandaula mtengo. Amabweranso.

Bambo anatisiya mu Meyi, masamba akuyoyoka.
Pansi pa bedi pali mabotolo makumi anayi ndi atatu,
opanda dzina, kapepala kokha ndi chaka,
seveni wawo wopendekeka uja.
Sitinatsegule. Sitinagulitse. Sitikudziwa.

Lero ndalowa ndekha ndi mpeni wawo,
chigwiriro chake n'chodyeka potengera chala chosakhala changa.
Ndawerenga maso: limodzi, awiri.
Ndawerenganso.
Palibe wotsokomola kumbuyo kwanga kuti apo ayi.
Ndadula.

Nthambi zagwa mulu, zouma bwino, zoyakira tiyi.
Sigele amati azitole, mayi amukaniza.
Akhala pakhonde, akusankha zonenepa ngati pensulo,
akuwerenga mpaka khumi ndi ziwiri,
poti mwana wa Che Bwanali wapempha za mthunzi ndi zipatso.
Andituma m'nyumba:
sokosi ya bambo ako ija ili m'sutikesi,
uinyowetse kaye.